Ndikulandireni, Bambo

Sendezani chikuni icho, inu muli pafupi, ndipo a bawo kumbuyoko muchepetse phokoso. Tili pamaliro pano, si pa depoti. Mwati ndikambe ya Bester Kalumbi? Chabwino. Koma ndikamaliza wina asandifunse kuti zinatheka bwanji, ine sindine mlosi. Ndikupatsani mmene ndinaimvera.

Bester ankakhala ku Bangwe ndi mkazi wake Esinala. Ankaphunzitsa zamakompyuta pa kasukulu kena ku Limbe, ndipo anali munthu wabwinobwino, wosamwa, wosasuta, waulemu wochita kunyanya. Nthenda yake inali imodzi basi, makompyuta akale. Osati opyapyala awa mumayenda nawo m'zikwama ayi. Iye ankafuna aja achikasu ngati mano a wosuta chingambwe, a nkhongo yaikulu, olemera ngati thumba la simenti, amene maofesi anataya ena a inu musanabadwe. Akangomva kuti ku mishoni yakuti akusesa m'sitolo, kapena kampani yakuti yagwa katundu ali pa okushoni, mtima sunkakhalanso m'malo. Loweruka anzake ali ku mpira, iye ali pa mulu wa zitsulo kumsika, kufukula ngati nkhuku. Akabwera nacho chinthucho ankachitsuka ndi mswachi ndi sipiriti tsiku lathunthu, n'kuchipatsa dzina la kumene anachitola. Panali Malosa, panali Luchenza, panali Nsanje wogweluka mabatani.

Onsewa ankagona m'chipinda chaching'ono, chimene Esinala ankafuna chikhale cha mwana, pakuti anali woyembekezera, mimba yake yoyamba.

"A Kalumbi, mwana akabadwa ndizidzamugoneka pamwamba pa Luchenza?"

"Tidzaona, Esi. Malo sachepa."

"Yotamu wayamba kale kupala matabwa a kabedi. Akadzabwera nako mudzamuuze nokha kuti akaike padenga."

Yotamu ameneyu anali mlongo wake wa Esinala, wamng'ono, kalipentala wa ku Lunzu. Mayi awo atamwalira, Esinala ndiye anamulera, kumubereka popita kumadzi, kumupukuta mamina, mpaka anamera ndevu. Ndiyenso anamuphunzitsa mwambo, nthawi zina ndi khofi, kuti wamkulu sadutsa ndi katundu pamutu iwe manja ali lende, ndipo wotopa ndi khasu umamulandira. Mumusunge m'mutu Yotamu, tidzamufuna.

Tsiku lina Bester anamva za esiteti ya tiyi kuseri kwa Thyolo, yotsekedwa kalekale, imene eni ake atsopano ankafuna kugwetsa maofesi ake. Dzina lake silikukhudzani. Anachita hayala pikapu ya Che Twaibu, woyandikana nawo nyumba, nanyamuka m'mamawa. Anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula kompyuta imodzi ndi mpando wathabwa.

Esinala anaona zinthu zing'onozing'ono tsiku limenelo, koma sanaziike kumtima. Che Twaibu, munthu amene sanakanepo tiyi chibadwire, anangotsitsa katundu pakhonde n'kuliza galimoto osatsanzika. Chinanso, zonse zimene Bester ankabweretsa zinkabwera ndi fumbi, mphemvu ndi zisa za mavu, koma iyi inali yoyera ngati aipukuta m'mawa womwewo. Zilembo za pa kiyibodi zinali zitafufutika zonse, batani lililonse litakumbika pakati ngati mphero. Ndipo m'nyumba monse munadzaza fungo la masamba a tiyi ongothyola kumene.

"Nanga mpandowu ndi wa chiyani? Mipando yatha m'nyumba muno?"

"Zimayendera limodzi," anatero Bester.

"Ndiye uyu timutcha ndani, Thyolo?"

"Ali nalo kale dzina."

Sanalitchule, ndipo Esinala sanafunsenso.

Sabata yoyamba kunayamba kusowa makapu. Esinala ankawapeza m'chipinda chaching'ono, pansi pa mpando, muli tiyi wozizira wopanda shuga, pamene Bester shuga ankachita kuthira ngati akuphika thobwa. Kenako tayi ya pa ukwati wawo inatuluka m'sutikesi, Bester n'kumaivala ngakhale Loweruka. Kenako madzulo ena mvula ikugwa, Esinala anapeza Malosa, Luchenza ndi Nsanje ali pabwalo, madzi akuyenderera m'nkhongo mwawo. Munthu amene ankakalipa ukangoika kapu pamwamba pa Malosa, lero wamutaya pamvula!

"Akusokosa," anatero Bester, osatembenuka. "Munthu sangagwire ntchito."

Lachiwiri lotsatira Esinala anamuperekeza mwamuna wake mpaka pageti, namuona akukwera minibasi ya ku Limbe. Anabwerera, nakhala pakhomo penipeni pa nyumba kusankha nyemba. Khomo linali limodzi, ndipo sanachokepo. Dzuwa lili paliwombo anamva kaphokoso m'kati, kobwerezabwereza, ngati nkhuku ikujompha chimanga m'lichero. Anaganiza kuti ndi makoswe. Anatenga tsache, nakankha chitseko cha chipinda chaching'ono.

Bester anali pampando, tayi ili m'khosi, zala zikuthamanga pa kiyibodi. Pagalasi la kompyutayo zilembo zobiriwira zinkakwera m'mwamba n'kumasowa, zina n'kumabwera pansi.

"A Kalumbi! Mwalowera kuti?"

"Ndili pantchito, mayi. Abwana akubwera."

Chikwatirane sanamutchulepo mayi. Kuyambira tsiku limenelo Bester sanatulukenso m'chipindamo.

Magetsi akazima dera lonse, zilembo zobiriwira zinkakwerabe. Esinala anakwawa pansi pa tebulo kuti azule chingwe, n'kupeza chingwecho chili chogona pansi, kumapeto kwake kutadyeka ndi makoswe kalekale. Chakudya ankachita kumuika m'kamwa ngati khanda, iye akutafuna maso ali pagalasi. Masaya analowa. Nsonga za zala zinatupa, kenako zinang'ambika. Akusukulu anaimba foni mpaka anatopa. Anansi anayamba kudutsa cha patali, ndipo galu wa Che Twaibu, amene ankagona pakhonde pawo tsiku ndi tsiku, anasamukira kutsidya kwa msewu.

Akuluakulu a mpingo anabwera, anaimba, anapemphera mpaka mawu kusasa. Atamaliza anamunyamula Bester ndi mphamvu kupita naye panja. Atangodutsa pakhomo, mutu unagwera kumbali ndipo mpweya unaleka. Zala zokha ndi zimene zinkayendabe m'malere. Abambo aja anayang'anana, nathamanga naye kukamubwezera pampando, ndipo anapumanso. Anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuti tizipempherabe, mayi, ndipo sanabwerenso.

Esinala anapsa mtima. Anatenga musi wa kamtondo kake kosinjira nsinjiro, nauponya ndi mphamvu zake zonse pagalasi paja. Galasi silinachite ngakhale mng'alu. Bester ndiye anabuula, magazi n'kutsika m'mphuno kugwera pa tayi. Pamenepo anatembenuza maso pang'ono, nalankhula ndi mawu ake enieni, aja a kale.

"Esi, ndatopa."

Basi, mawu awiri okhawo, maso n'kubwerera pagalasi. Esinala analira tsiku limenelo mpaka mutu kuwawa, chifukwa anadziwa kuti mwamuna wake akadalimo m'thupimo, ndipo akutha.

M'mawa mwake anakamutsekereza Che Twaibu akutsuka galimoto.

"Che Twaibu, simuchoka pano musanandiuze chimene chinachitika ku Thyolo."

Bamboyo anafinya nsanza yake nthawi yaitali.

"Mayi, ine ndinaona zimene ndinaona, musakanditchule kwina. Ofesi ija kapitawo wa pa esitetipo anachita kuswa loko ndi chitsulo, inali itadya dzimbiri. Mazenera okhomedwa ndi matabwa. Koma titalowa, tinapeza mkulu wina wa imvi ali pampando uja, tayi m'khosi, akutayipa. Kapitawo ankangolankhula za mitengo ya padenga ngati m'chipindamo mulibe munthu. Ine ndinaima pakhomo. Koma amuna anu mukuwadziwa ndi ulemu wawo. Anavula chipewa, n'kunjuta pang'ono, amvekere, 'Bambo, mwatopa. Ndikulandireni.' Ine ndikuganiza ankangofuna amve mmene mabataniwo akulirira."

"Ndiye?"

"Mkulu uja anaimirira, anawomba m'manja, anatenga jekete yake pamsomali, n'kudutsa pafupi ndi ine. Mphepo yake inali ngati watsegula firiji. Sindinatembenuke kuti ndione kumene walowera."

Esinala anamanga chitenje pamimba, anasiya mayi wina woyandikana naye kuti azisuzumira pazenera, nakwera minibasi ya ku Thyolo. Kuchoka pamsewu waukulu anayenda wapansi pakati pa minda ya tiyi yosiyidwa, mitengo yake itatalika kuposa munthu. Kunali zii, kopanda mbalame, kopanda mwana wolira, dzuwa lili pamutu. Asanafike n'komwe ku maofesi aja anaona munthu akubwera kutsogolo kwake, akuyenda pang'onopang'ono ngati wodwala amene wangotuluka m'chipatala. Anali mkulu wa imvi, wa jekete yakale, atanyamula kasutikesi kamalata paphewa.

Mwambo ndi chinthu choopsa, anthuni. Esinala atangoona nkhalamba ili ndi katundu, manja ake anatambasuka okha, pakamwa n'kutseguka. Anafika pa "Ndiku" n'kudziluma lilime mpaka kulawa magazi.

Mkulu uja anamwetulira pang'ono.

"Mwaswera bwanji, mayi? Njira ya ku Chiromo ndi iti? Chiwerukireni ndikungozungulira, misewu inasintha."

Esinala anayang'ana manja ake. Zala zinali zopindika, nsonga zake zosalala, zopanda zikhadabo.

"Inu ndinu a kwa mnyamata uja," anapitiriza mkuluyo. "Analeredwa bwino ameneyo. Makolo ake Mulungu awadalitse."

"Bambo, ntchito munamusiyirayo idzatha liti?"

"Kutha? Ine ndinali kalaliki wa pa esiteti pano, ndinaiyamba tsitsi lili bii. Ndinapeza mnzanga akuwodzera pamakina aja, ndinamumvera chisoni."

"Nanga abwana akunenedwawo ndani?"

Mkuluyo anacheuka kuyang'ana m'tiyi muja, kumanzere ndi kumanja, natsitsa mawu.

"Zimenezo musamafunse mokweza."

"Ndiye nditani ine? Mwamuna wanga akufa, ndipo mwana uyu sanamuone."

"Ntchito ija saithawa, mayi, ndipo saiswa. Amangolandirana. Koma sachita kupempha. Ine ndinapempha ambiri, alonda, osesa, ngakhale akuba amene ankalowera padenga, sizinatheke. Munthu anene yekha, zichokere mumtima mwake."

Anakonza kasutikesi kake paphewa, anawerama mwaulemu, nakhotera m'tiyi. Masamba sanagwedere pamene analowerapo. Esinala sanapitirire ulendo, anabwerera pomwepo.

Atafika kunyumba anaima kumbuyo kwa mpando wa mwamuna wake nthawi yaitali. Mawu aja anali pakamwa, ndipo akanachokeradi mumtima, pakuti Bester ankamukonda. Koma atangokoka mpweya kuti alankhule, mwana anatakataka m'mimba mwamphamvu mpaka mayiyo anagwira khoma. Akakhala pampandopo, akhala awiri. Anatseka pakamwa, natuluka.

Tsono panali munthu wina wa ku Lilongwe, a Kilifodi Mbedza, wodwala nthenda yomweyo ya makompyuta akale. Iye ndi Bester ankalandana katundu pa okushoni, ndipo chimvereni za makina a ku Thyolo ankaimba foni kawirikawiri kufuna kudzawaona. Esinala anatenga foni ya mwamuna wake, nawaimbira.

"Bwerani mudzaione, bambo. Ikugwira ntchito bwinobwino."

Tisanamizane, Esinala ankadziwa chimene akuchita. Anasesa m'nyumba, anavala chitenje chatsopano, ndipo usiku wake anagona tulo.

A Mbedza anafika Loweruka masana pa galimoto yaikulu, magalasi akuda ali kumaso. Moni anapereka akuyenda. Analowa m'chipinda chaching'ono n'kuima kukamwa kuli yasa, osati chifukwa cha Bester, amene anali atatsala mafupa okhaokha, koma chifukwa cha makinawo.

"Eee! Yamtundu uwu ndinkangoimva! Aise Bester, tasuntha ndione kumbuyoku."

Bester anapitiriza kutayipa. Esinala anaima pakhomo manja ali pachifuwa.

"Akhala pamenepo nthawi yaitali," anatero mofatsa. "Atopa kwambiri."

"Ndiye adzuke, akudikira chiyani? Aise, ndati tasuntha!"

Anamukankha paphewa, anajambula makinawo ndi foni uku ndi uku, anagogoda pankhongo pake. Pamapeto pake anayang'ana magazi a pa kiyibodi, nakwinya mphuno.

"Mayi, mkuluyu mutu sukuyenda. Mupite naye kuchipatala, akachira tidzakambirane."

Anatuluka akupukuta manja ndi kampango, galimoto n'kulira. Mwano unamupulumutsa munthu ameneyo, ndipo mpaka lero sadziwa.

Esinala anakhala pansi m'khitchini, miyendo atatambasula, mutu uli mbee. Kaphokoso kaja kanali katayamba kudukizadukiza, ngati nkhuku imene yatsala pang'ono kukhuta, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Sakudziwa anakhala nthawi yaitali bwanji. Anadzidzimuka ndi mawu pakhomo.

"Odi kuno! Achemwali, tsegulani chitseko chonse, katunduyu ndi wamkulu!"

Anali Yotamu, thukuta lili kamukamu, kabedi ka mwana kali pamutu. Kanali ka mkungudza, kopalidwa bwino, kumutu kwake atasema timbalame. Za kudwala kwa mlamu wake sankadziwa, pakuti Esinala sanauze aliyense wa kwawo. Anakatsitsa pabalaza, nagwada kupereka moni monga anaphunzitsidwira.

"Mwaonda bwanji, achemwali? Simukudya? Nanga alamu ali kuti, andionetse poika kabedika?"

Esinala anamuyang'ana mlongo wake, chipsera cha pachipumi chimene anachipeza atagwa kumsana kwake ali khanda, manja ake okhakhala. Akanatha kunena kuti alamu ako achoka. Akanatha kumutuma kumsika.

"Ali m'chipinda chaching'ono," anatero. "Ine nditereke madzi a tiyi."

Analowa m'khitchini, nanyamula ketulo. Nyumba za ku Bangwe mukuzidziwa, ukatsokomola kuchipinda wa kukhitchini amayankha. Anamva chitseko chikutseguka. Anamva Yotamu akudzuma.

"Alamu! Mayo ine, mwatha chonchi? Taonani zalazi, magazi okhaokha! Ntchito yanji yosapumira imeneyi?"

Esinala ankadziwa mawu otsatira, chifukwa anamuphunzitsa yekha. Nthawi yokuwa inalipo. Mawu anali nawo, ndipo Yotamu sananyozerepo kuitana kwa mlongo wake chibadwire. Anaika ketulo pansi mosamala kuti isalire, anatenga nsonga ya chitenje, nailuma.

"Ndikulandireni, alamu. Kapumeniko pang'ono."

Kaphokoso kaja kanaleka. M'nyumba munachita zii, mpaka Esinala anamva wailesi ya anansi ndi ana akusewera mpira kumsewu. Mpando unalira kamodzi, wina akudzuka. Unaliranso, wina akukhala. Kenako kaphokoso kanayambanso, kolemera tsopano, ka zala za kalipentala amene sanagwirepo kompyuta moyo wake wonse, koma kothamanga ngati wazolowera kalekale.

Bester anatulukira akugwira khoma, akumasula tayi. Anayang'ana mkazi wake ngati munthu wochokera ulendo wautali.

"Esi, kuli madzi osamba? Ndipo njala yandipha."

Anaona kabedi pabalaza, nakasisita ndi zala zake zong'ambikazo.

"Koma ndiye n'kokongola. Wabweretsa ndani?"

Esinala anapita kukasonkha moto wa madzi osamba.

Bester anachira, ananenepa, anabwerera kusukulu kwake. Malosa ndi anzake anawapereka kwa ogula zitsulo, ndipo akamadutsa pa okushoni amayang'ana kumbali. Ku Lunzu anthu amati Yotamu anapita ku Joni osatsanzika. Chipinda chaching'ono chili ndi loko wamkulu, zenera lake anakhoma matabwa, ndipo Esinala amalowamo yekha ndi mbale ndi kapu ya tiyi wopanda shuga. Kusamuka sangasamuke, angamusiyire ndani?

Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Tiyamike, ndipo anagona pa kabedi ka timbalame kaja kuchipinda kwa makolo ake. Azimayi a ku Bangwe amadabwa ndi kaleredwe kake. Tiyamike akathamangira gogo wina kuti amunyamulire thumba, mayi ake amamukoka khutu mpaka kulira. Amamuuza kuti aliyense azisenza zake. Koma mtima sauphunzitsa ndi khofi, anthuni, ndipo mwanayo anatengera amalume ake, sangaone ngakhale mwanapiye wonyowa osamufunditsa.

Chaka chathachi Esinala akuchokera kumpopi anapeza loko ali lende, kiyi ataiwala pomwepo, ndipo Tiyamike ataima pakhomo pa chipinda chija, chala chili m'kamwa, akuyang'ana m'kati. Ndowa inagwa. Anamukoka mwanayo, namenyetsa chitseko. Tiyamike sanalire. Anangokweza maso odzaza misozi, nati:

"Amayi, bambo ali umowo atopa. Palibe wowathandiza?"

Imathera pamenepo, poti kwinako sikunachitike. Moto ukuzima uwu, ndikatenge chikuni china. Ayi, khala pansi iwe, ndinyamula ndekha.